Msana Umene Azakhali Anaubisa

Lolemba, 21 Julaye

Mvula masiku asanu tsopano. Msana ngati wina wakhomamo msomali. Mphindi makumi awiri pampando, basi ndadzuka. Mayeso a ntchito za boma pa 2 Ogasiti, maola atatu chikhalire. Zaka ziwiri ndikuwerenga, digiri ikuchita nkhungu m'kabati muno mu Ottapalam, ndiye msana undigwetse?

Dokotala wa zitsamba wati piritsi silithandiza, koma kutikita ndi mafuta masiku asanu ndi awiri. Amayi kukondwa: mwezi wa mvula uno ndiwo thupi limamwa mafuta bwino. Akufuna kuitana Karthyayani, wotikita uja amayenda khomo ndi khomo ndi botolo lake.

Ndakana. Sindivula.

Mawanga oyera a pamsana aja afika m'chiuno tsopano. Anayamba ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, wakunja sanawaonepo. Ku koleji ndinkasamba anzanga asanadzuke.

Lachitatu, 23 Julaye

Abwera Azakhali Sulochana, ambulera ikudonthera pa mabuku anga. Andipezera mwamuna. Wa ku Thrissur, ntchito ku Dubai, akufuna mkazi wokhala pakhomo kusamalira amake. Lamulungu abwera kudzandiona: ndivale nsalu ya sari, ndipereke tiyi, maso pansi.

Ndati nanga mayeso? Iwo: "Mayeso amabereka mwana?"

Abweretsa bulauzi yosokeratu, yotseka mpaka m'khosi. "Msanawo ubisike mpaka akuveke mkanda waukwati. Akadzaona pambuyo pake, n'zake zimenezo."

Ndi iwowa anandiletsa kusamba ku dziwe la kukachisi. Ndi iwowa anauza amayi kuti kapu yanga izikhala payokha, alendo angati m'nyumba muno muli khate. Kamwana ka zaka khumi ndi zitatu. Sindinaiwale. Kapuyo ilipobe, yobiriwira, pamwamba pa kabati.

Bambo nyuzipepala kumaso. Mlongo wawo akalankhula iwo amasanduka mpando.

Lachinayi, 24 Julaye

Ndaupeza mpeni wowabwezera Azakhali.

Karthyayani amatikitanso mchemwali wa amake a mnyamatayo, kuseri kwa kachisi kuno. Ndani sadziwa kuti ofunsira mbeta amayamba afunsa wotikita? Ndiye yekha amaona mtsikana yense. Azakhali omwewo amati pakamwa pa mayi ameneyo ndi wailesi.

Ndiye aone. Aone zonse, akaulutse. Azakhali anadya kale maswiti a anthu aja, n'kulumbira kuti ndilibe kabanga ngakhale kamodzi. Manyazi awaperekeze mpaka ku Thrissur. Asadzakhalenso kutsogolo pa ukwati wa munthu.

Ndauza amayi amuitane mawa. Akuganiza kuti ululu wandigonjetsa.

 

Lachisanu, 25 Julaye

Chipinda chakuseri, mkeka, mafuta a chitowe otenthetsa. Ine chiimire, thaulo ndagwira ndi manja awiri.

Karthyayani: "Iwe madigiri, ndili ndi makomo anayi lero. Nditikite thaulo?"

Ndinaligwetsa. Chafufumimba, mano ndaluma, kudikira kuti atsonye kapena apumire m'mwamba monga anachitira Azakhali tsiku loyamba lija.

Palibe. Dzanja linangotera pakati penipeni pa banga lalikulu, lolemera, lotentha. "Apa pauma ngati thabwa. Umawerenga utapindika ngati nkhanu?" Za khungu ngakhale liwu limodzi.

Ndinalira. Ndinanamizira ululu. Zaka khumi ndi chimodzi palibe anagwirapo pamenepo ndi dzanja. Ngakhale amayi amandipaka mankhwala ndi thonje.

Ndakwiya kuti ndalira. Sindinapitire zimenezo.

Masana ndakhala pampando ola lathunthu. Mafunso makumi asanu ndi limodzi a malamulo a dziko, ndalakwa anayi.

Loweruka, 26 Julaye

Sikunamveke kanthu! Azakhali aimba foni ali mweee, akufunsa ngati tagula maluwa a m'tsitsi.

Ndamufunsa Karthyayani ali pamsana panga ngati wanena. Waseka mpaka kutsamwa ndi masamba amatafuna aja.

"Zaka makumi atatu, m'nyumba za anthu ndimatuluka ndi botolo langa lokha. Ofunsira akandifunsa ndimati msana ndi msana. Azakhali akowo amanditchula wailesi chifukwa ndinakana kuwauza za m'thupi mwa mkazi wa mwana wawo."

Ndamupempha kuti anene ulendo uno wokha.

"Ukufuna kutentha tchire, gwira wekha machesi. Tembenuka, madigiri."

Ndinafuna kumukankha. Chiwembu changa chonse chafera m'manja mwa munthu wachilungamo mmodzi yekha m'tauni muno.

Atachoka ndinatseka chitseko, magalasi awiri, kuyang'ana. Nthawi yoyamba kuona wonse. Ukunyezimira mafuta. Sizokongola, sizoopsa. Msana.

Ndatenga bulauzi ya Azakhali kwa telala. Ndati adule kumbuyo, mozama, asiye tizingwe tiwiri tomangira. Wandifunsa kawiri ngati amayi akudziwa. Ndati dulani, bambo.

Lamulungu, 27 Julaye

Karthyayani wabwera m'mawa, tsiku lachitatu la kutikita. Potuluka waona bulauzi pa bedi, wainyamula, waitembenuza. "Uyende mowongoka, usandiwonongere ntchito."

Mwambo woonera mbeta ndauloweza. Mtsikana akapereka tiyi amatembenuka kubwerera m'kati pang'onopang'ono, azimayi a kuchimuna n'kumayang'ana tsitsi ndi mayendedwe. Masitepe asanu ndi atatu kuchokera patebulo kufika pakhomo. Ndawawerenga. Azakhali akhala pafupi ndi amake a mnyamatayo, kuti ayamikiridwe bwino.

Amayi alowa ndi maluwa, andipeza ndavala. Aima. Ndati akafuula ndifuulanso. Sanafuule. Amanga maluwa, kenako atenga tsitsi langa lonse n'kulibweretsa kutsogolo, paphewa. Asanatuluke agwira pa banga lija. Ndi dzanja, opanda thonje.

Galimoto yafika. Nsapato za anthu asanu ndi awiri pakhonde. Tiyi wa Azakhali ndathira m'kapu yobiriwira ija.

Mantha alipo, sindinama. Mayeso kwatsala masiku asanu ndi limodzi, ndipo ndikawalemba.

"Anjitha, mwana wanga wokongola, tiyi akuzizira!"

Ndikubwera, Azakhali. Muyang'anitsitse.