Bambo ake Rute pa katungwe wa ku shoo

Loweruka, Ogasiti. Tsiku lafumbi koma lokoma.

Lole ya papulazi, famu yomwe timagwirapo ntchito, inatitula ku shoo, chionetsero cha zaulimi, ku Marandellas. Ndinawakakamiza amuna anga kuti tikwere katungwe wamkulu wa matcheni. Atatiponya m'mwamba, iwo anatsinzina n'kundifinya dzanja. "Mai Rute, musanditaye."

Iwowa! Gule akatuluka kukomboni kwathu, makanja amayenda pamitengo, kutalika kuposa denga. Akazife timati n'chilombo chochokera kumanda, koma ine chipsera cha pachigongono pake chija ndimamudziwa mwini wake. Sindinanenepo, ndipo sindidzanena.

Titatsika anakonza chipewa, n'kundifunsa ngati ndinachita mantha. Ndinati eya, kwambiri, mwandithandiza ndinu.

Dzanja likuwawabe polemba pano, koma sindikufuna lipole msanga.