A Davies Akuyendabe

Kacholola, Nyimba

Okondedwa alamu a Vivian,

Muli bwanji ku Kitwe ndi ana? Kuno tilipo, nshawa tinakumba, koma mtima wanga suli m'malo.

Nkhani ndi ya alongo anu a Davies. Anesi a kuno anayambitsa gulu la odwala khansa. Amayenda pamodzi m'mamawa m'mbali mwa msewu waukulu, akuti thupi lilimbe. A Davies anayamba kupita nawo, akuti akungopelekeza anzawo a Ezekiel, amene miyendo inali kufooka. Ndinati ndi chifundo, sindinafunse zambili.

Koma a Ezekiel anapita kuchipatala ku Lusaka mwezi watha, ndipo alongo anu akuyendabe. Dzulo ndinawatsatila. Anesi atandiona anandigwila dzanja nati, "Mwachita bwino kubwela, amai. Katundu uyu si wosenza munthu mmodzi." A Davies anangoyang'ana pansi. Pobwelela ndinawafunsa kuti ndi katundu wanji, iwo anati, "Anesi amatelo kwa aliyense," n'kuyamba kukamba za feteleza.

Mwina ndi zoona. Koma ndaona kuti lamba wawo aboola bowo lina, ndipo chakudya akungochilawa.

Alamu, mu Epulo anati akubwela kwanu kudzaona ana. Kodi ndi kwanu kokha kumene anafika? Ngati pali zimene anakuuzani, musandibisile. Lolemba ndidzayendanso nawo, ngakhale sindidziwa ngati ndayamba kale kudwazika.

Ndine mlamu wanu,
Keziah