Nawuteni Anali Ndani?

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Mphepo, fumbi. Shuga watha, sopo angoti mbwee osagulidwa. A Vincent a komiti ya msika abwera ndi nkhani: misewu yonse ya pano ipatsidwa mayina, zikwangwani zomwe. Msonkhano pa 17. Ndawauziratu kuti wathu uno ukhala Msewu wa Dauda. Golosale yoyamba mumsewu muno ndi inoyi, anatsegula ndi ababa mu 1984, kuli tchire lokhalokha. Akuti a Jailosi a hadiweya, tsidya la msewu, nawonso apereka dzina lawo. Ha! Munthu ali moyo, akudya mbatata pakhonde, akufuna chikwangwani. Ababa anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chithunzi chilipo chimodzi, chosuluka. Ine Ashura, dzina lokhalo ndiwaikira, zivute zitani.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Akuti ndibweretse umboni. Ndayenda khomo ndi khomo, kope m'manja ngati wakalembera. Mbiri ndatola yambiri, koma ya eni ake. Potchajira mafoni paja panali butchala ya a Timoti, oyeza nyama chala chili pasikelo. Saluni inali tiyirumu. Telala wa pakona anasokera ukwati wonse madiresi a manja osiyana. Nkhalamba kuseka mpaka misozi.

Ndikatchula a Dauda: "A Dauda ati?" Ndikati eni golosale yathu: "Ooo," dzanja pakamwa. Onse akuti msewu uli nalo kale dzina, pa Nawuteni. Ndikudziwa, akabaza amatero. Nawuteni wakeyo ndani? Kapena chidakwa china cha ku Zobue, kutsidya kwa malire a Mozambiki. Ndikafunsa akuyang'ana kumbali. Zandinyansa.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ndafunsa amayi atatha mapemphero a Juma kumzikiti. "Dzina limenelo osalitchula m'nyumba muno." Basi, n'kumapitiriza kusankha mpunga. Koma mapewa akugwedezeka. Kulira kapena kuseka, sindinaone, anandifulatira.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Masiku anayi ndikudzikoka. Lero ndameza malovu, ndawoloka msewu ngati ndikukagula misomali. A Jailosi andiyang'ana pamwamba pa magalasi, andikokera mpando. "Khala pansi mwanawe, misomali sukuifuna."

Nawuteni ndi ababa. Ababa anga enieni!

Inali nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, othawa adzaza Mwanza yense. Ambiri Chichewa ankamva bwinobwino, koma ababa ayi, alendo awalandire m'Chipwitikizi, mwaulemu. Dalaivala wina anawaphunzitsa mawu akuti nawu teni pulobulema, ndiye kuti palibe vuto. Lomalizalo linawapinda lilime, iwo n'kungolitaya. Osadziwa kuti otsalawo paokha akutanthauza palibe. Munthu akafunsa mchere, iwo kumwetulira mano onse: "Nawuteni!" Matumba a mchere ali poonekera kumbuyo kwawo. Machesi, nawuteni. Palafini, nawuteni. Anthu ankaona ngati akuwamana dala, n'kumawolokera kwa a Jailosi, amene nthawiyo anali ndi kaokala chabe.

"Miyezi isanu ndi itatu, mwanawe. Malata awa anandikhomera ndi bambo ako."

Ndawafunsa chifukwa chimene sanawauzire ababa. "Ndinali ndi ana anayi." Opanda ndi manyazi omwe.

Amene anawamasula ababa ndi mayi wina wothawa nkhondo. Zitamukwana analowa kuseri kwa kauntala, kunyamula thumba la mchere, kuliika pamphuno pawo, n'kufunsa kuti nanga ichi n'chiyani. Atawafotokozera, akuti ababa anaseka mpaka kukhala pansi, mchere n'kumupatsa ulere. Kuyambira apo moni wawo unali womwewo, mpaka dzina la Dauda linazilala.

Ndakwiya. Pofika pakati pa msewu ndaphulika kuseka ndekha, wakabaza pang'ono andigunde. Sindinkadziwa kuti ababa anali munthu woseka.

Loweruka, 17 Ogasiti

Msonkhano pansi pa mtengo wa kumsika. Ndinavala mpango watsopano, mawu nditaloweza usanafike. Sindinawanene n'komwe. A Jailosi anaimirira ndi ndodo yawo: "Changa chikwangwani mudzandiikira kumanda. Msewu ndi wa bambo a mwanayu." M'manja, nthungululu. A Vincent andipatsa pepala, ndilembe dzina mmene ndikulifunira, ndibweze Lolemba.

Ndapambana. Nanga bwanji sizikukoma?

Lolemba, 19 Ogasiti

Dzulo ndinalemba Msewu wa Dauda, zilembo zazikulu, zowongoka ndi lula. Amayi anasuzumira. Kenako: "Ana akamakuwa dzina lija panjapo, ankatuluka ndi masuwiti. Wamanyazi ndinali ine, osati iwo."

M'mawa uno ndikutsegula, mayi wina wachilendo waima pakhonde, dengu la tomato pamutu, foni kukhutu. "Ndili pa Nawuteni, mundipeza pomwepa." Mayiyu ababa sakuwadziwa, sanawaonepo. Zaka makumi atatu ali m'manda, anthu akukumanabe pa iwo. Ndalira pomwepo, makiyi ali m'manja.

Ababa, ngati ndalakwa mundikhululukire. Dauda ndafufuta.

A Vincent atenga pepala, aliwerenga kawiri, aseka. Penti akuti Lachinayi. Atafika pakhomo atembenuka, akuti wolemba zikwangwani adzafunsa ngati pakatipo pali w. Ndati alipo.