Sindichoka, nkhunda zanga sizidziwa kwina

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka zopitirira 70, ndipo ndineneretu kuti sindikulemba kuti mundiuze zopepesa. Ndikufuna mundiuze njira yoti ndikhalebe pano.

Nyumba ndikukhalayi ndi ya boma. Tinalowamo ndi malemu mkazi wanga Noreen ndikugwira ntchito kufakitale ya galimoto. Ana tinalerera momwemu, lendi sindinadumphitsepo. Ndi kanyumba kamatabwa, mu Julaye kamazizira ngati firiji, koma kuseri kuli bwalo lalikulu, ndipo pabwalopo pali khola la nkhunda zanga za mpikisano. Loweruka akalabu yathu ya nkhunda amazitengera kutali pa lole n'kukazimasula, ine n'kukhala pampando, maso kumwamba, kudikira yoyamba kutera. Chimwalirireni Noreen, chondidzutsa m'mawa ndi chimenechi basi.

Tsopano boma la chigawo chino lati likuwonjezera nyumba za anthu opeza movutikira. Pa TV akuluakulu amangodula maliboni atavala zipewa za amisiri, ati zambiri zamangidwa kale, zina zili m'njira. Ine ndinkawomba nawo m'manja, osadziwa kuti njirayo idutsa pabwalo panga. Akufuna kugwetsa nyumba yanga ndi za aneba awiri, amangepo mafulati a mabanja makumi awiri.

Kunabwera mtsikana wa ku ofesi ya nyumba, Tahlia, waulemu ndithu, n'kukandionetsa fulati yam'mwamba, yotentha bwino, ya chikepe chomwe. Nditafunsa za nkhunda iye anati, "Bambo, kamphaka kapena kagalu tikhoza kukambirana, koma khola pakhonde ayi. Bwanji osangozipereka kwa anzanu?" Ine ndinati, "Mwanawe, iwe amayi ako ungawapereke kwa aneba?" Ndinakana pomwepo.

Chimene anthuwa sadziwa n'chakuti nkhunda ya mpikisano ikadziwa kwawo, yadziwa. Mnzanga Branko anamusamutsa chaka chatha. Anamupezera nyumba ya kabwalo kutsidya kwa tauni, iye anamanga khola latsopano, anazitsekera mwezi wathunthu, kenako n'kutsegula. Zonse zinabwerera pakale. Ndinaziona ndekha zitandanda pamakina onyamulira zitsulo, pomwe panali khola lawo pali dzenje. Zina anadya akabawi, zina zinangosowa. Branko, munthu woti sanalire ngakhale pamaliro a mchimwene wake, anandigwira dzanja akulira, n'kuti, "Achimwene, ndazipha ndekha."

Chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi mwana wanga wamkazi Kerryn. Chigulitsireni eni ake nyumba imene ankachita lendi, akukhala m'kalavani, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, ndi ana awiri, ndipo wakhala akudikira nyumba ya boma kwa zaka. Kubwerera kuno anakana, akuti ndi kutali ndi ntchito yake ndi sukulu ya ana. Lamlungu lapitali anabwera ndi nsomba ndi tchipisi, tisanatsegule n'komwe pepala lokulungira anayamba: "Adadi, zipinda zitatu muli nokhanokha. Mbalame zanu zikugona pouma, ana anga akulembera homuweki pabondo. Mabanja makumi awiri akudikira inu ndi nkhunda zanuzo!" Ndinati, "Sindine ndinakugulitsira nyumba, kalalatire amene anagulitsawo." Anatenga ana n'kunyamuka, mpaka lero foni yanga sakuyankha.

Tahlia akuti ndikakananso nkhani ipita kukhoti la nkhani za nyumba. Apite nayo. Ndagula unyolo, tsiku lobwera ndi zigalimoto zawo adzandipeza nditadzimangirira kumtengo woyanikira zovala. Kodi munthu akakalamba ndiye wasanduka mpando woti aliyense azingosuntha? Ndiuzeni zoona: atha kunditulutsa ndi mphamvu?

D.M., Geelong

Bambo D.M.,

Inde, atha. Nyumbayo ndi yawo, ndipo khoti likagamula, unyolo wanuwo amisiri adzaudula tiyi wawo asanazizire. Ubwezeni kusitolo risiti isanasowe.

Koma musaganize kuti ndikuti mupinde manja. Pa nkhunda mukunena zoona, ndipo Tahlia analakwitsa kuzitenga ngati ziwiya zoti mutha kugawa. Mwakhala malo amenewo zaka zambirimbiri, muli ndi ufulu wokwiya. Vuto lanu n'lakuti mukungokana. Munthu wongokana amatopetsa, mapeto ake amangomunyamula. Wovuta kumugonjetsa ndi amene akunena chimene akufuna, n'kukana kusaina mpaka atachiona papepala.

Taganizaninso za nkhunda za Branko. Zinabwerera pomwe panalibe nyumba, panalibe khola, panali dzenje lokha. Ndiye kuti chimene zimasunga ndi malo, matabwawo zilibe nawo ntchito. Ndipo boma likumanga pamalo anu omwewo. Nkhondo yanu ikhale imeneyi: kuchoka muchoka, koma mudzabwerere pomwepo, m'fulati yapansi, ndi kangodya ka bwalo koikapo khola laling'ono.

Sabata ino pitani kwa maloya othandiza anthu a lendi mwaulere, mutatenga makalata onse a ku ofesi ya nyumba. Auzeni kuti mukufuna lonjezo lobwerera lilembedwe, lokhala ndi siginecha, osati "tiona" wapakamwa. Funsani kukhonsolo zimene amafuna kuti alole khola pamalo otere, kuti wina asadzakutsekereni pakamwa ndi lamulo limene simunalimvepo. Dokotala wanu alembe kalata yonena zimene mbalamezi zimachita pa moyo wa bambo wamasiye wokhala yekha. Musachite nazo manyazi, ndi zoona. Kumsonkhano musapite nokha. Tengani Branko akafotokoze zimene anaona, tengani ndi akalabu yanu ya nkhunda adzaze mipando. Mutu umodzi susenza denga.

Pa nthawi yomanga, nkhunda zikakhale kwa mnzanu wa kalabu, m'khola lalikulu la waya, zosatsegulidwa ngakhale tsiku limodzi, ngakhale zikumvetseni chisoni chotani. Sindikubisirani, zimenezi n'zowawa. Mukhala chaka kapena ziwiri osapikisana, zokalamba zina zidzafera m'kati, ndipo mwina adzakuuzani kuti muchepetse chiwerengero. Mwinanso lonjezolo adzakana. Akatero, limbani pa nyumba ya kabwalo, zakalezo muzisunge zotsekera ziziswa, maunda obadwira kumeneko adzadziwa kumeneko. Fulati yam'mwamba ija pitirizani kuikana, koma muziikana ndi loya pambali.

Tsopano za Kerryn. Boma simuyenera kulipepesa, koma mwana uja muyenera, ndipo mukudziwa. Anayankhula mokalipa, inde, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi wogona m'kalavani ndi ana awiri m'nyengo yozizira ino simungamuyembekeze kuti aziyamba ndi kufunsa za thanzi la nkhunda. Sindikulonjeza kuti iyeyo adzapeza imodzi mwa mafulatiwo, amene akudikira ndi ambiri. Koma akudziwa kuti mzere umene waimapo suyenda ngati nyumba sizimangidwa, ndipo akuona bambo ake enieni atatchinga kutsogolo. Foni sakuyankha, ndiye pitani komweko. Mukalowe m'kalavanimo, mukakhale pansi muone mmene zidzukulu zanu zikugonera. Kenako mumuuze zimene mukumenyera tsopano, mumupemphe adzakhale pambali panu kumsonkhano. Bambo wa nyumba ya boma ndi mwana wake wodikira nyumba ya boma akamayankhula chimodzi, a ku ofesi amasowa poyambira.

Chenjezo langa ndi ili. Musasaine pepala lililonse loya wanu asanaliwerenge, ngakhale akupatseni tiyi ndi mabisiketi. Komanso musalole kuti nkhani ifike poti mutulutsidwe ndi apolisi, chifukwa wotuluka chonyamulidwa sakhalanso ndi pokambirana. Mafulatiwo adzamangidwabe, ana a anthu ena adzalowamo, ndipo inu mudzangodutsa pamsewu ngati mlendo, kusuzumira pampanda pamalo amene munalerera ana anu.

Aphungu