Mphini za amayi

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Foni yafika. Atumiza achimwene a Sebastiano kuchokera ku Joni. Akuti ndijambule amayi, zaka zisanu ndi zinayi osawaona. Ndikuopa kuigwetsa. Ndaikulunga m'chitenje, ili m'sutikesi. Amayi lero phala masipuni atatu basi. Kutentha koopsa.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndawajambula pakhonde. Chithunzi chokongola, koma si amayi. Nkhope see, yoyera ngati ya mtsikana wa pakalendala. Mphini za m'masaya ndi pamphumi zonse kulibe. Nditawaonetsa anati, "Mlendoyu ngwa kuti? Mpatseni mpando." Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Mwina foniyi ndaiononga kale.

Chithunzi chawo chenicheni chinali chimodzi chokha. Anajambula a Antonio, aja ankabwera pa njinga ku Makhanga, kamera ili m'khosi. Unkadikira mwezi wathunthu, koma nkhope inkabwera yako. Chinapita ndi madzi a 2015 pamodzi ndi nyumba.

Loweruka, 12 Okutobala

Kabaza mpaka pa Bangula, kwa a Golden okonza mafoni. Njira yonse mtima uli kunyumba. A Golden nditawaonetsa chithunzi chija anangoseka. "Foni ilibe mlandu, mayi. Ikuwakongoletsa agogowo."

Anandionetsa. Kankhope kokhala ndi nyenyezi, ndikokere mpaka pa ziro. Fulashi ndizimitse, imafufuta khungu. Dzuwa lisakhale kumbuyo kwa munthu. Ndidine pankhope, kakatuluka kadzuwa ndikatsitse pang'ono. Ndawabwerezetsa katatu. Ndalemba pachikuto cha kope lino.

Palinso china chofufuta za kumbuyo. Ndakana. Achimwene aone kumene tinasamukira.

Kukongoletsa ati. Malemu abambo ankati anakwatira mphinizo, zina zonse zinali basera. Ndili mwana ndinkaziwerenga ndi chala amayi akundipesa. Ine ndilibe ndi imodzi yomwe. Nthawi yathu kutchalitchi anali ataletsa.

Lachitatu, 16 Okutobala

Masiku anayi amayi osatuluka. M'nyumba mdima, chithunzi mbuu. Ndayesa kudina pa kachizindikiro ka mwezi m'fonimu, poti a Golden anati mpojambulira mumdima. Pamafuna manja osagwedezeka. Zithunzi zisanu ndi chimodzi, zonse ngati utsi.

Achimwene aimba kawiri. Sindinayankhe. Ndiwauza chiyani? Ndikanangotumiza cha mlendo chija. Ayi. Amayi akapita ndisanawajambule, adzukulu adzati agogo anali ameneuja.

Lachisanu, 18 Okutobala

M'mawa amayi adzuka okha. Apempha duku wawo wa Mvano. Ndawakhazika pakhomo, kuwala kukuchokera m'mbali. Ziro. Fulashi. Kudina pankhope. Kadzuwa pansi. Zigongono ndinazitsamiritsa pa mtondo.

Zatuluka. Mizere itatu tsaya lililonse, ina ing'onoing'ono pamphumi. Makwinya onse. Ngakhale chipsera cha mbedza ya abambo pachibwano.

Ndinawapatsa foni. Anayang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pagalasi.

"Awa ndi amayi anga," anatero. "Wawapeza kuti?"

Agogo anamwalira ine ndisanabadwe, osajambulidwapo. Mphini zawo ndi za amayi akuti anatema mayi mmodzi, mizere yofanana.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Ndinatseka.

Foni akadali nayo m'manja, batire latsala pang'ono. Achimwene ayambe adikira.