Lole ya a Che Abdula Ikubweranso

Chilomoni,
Blantyre.
11 Okutobala, 1999.

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Mankhwala opaka aja mukupakadi, kapena mwawasunga m'sutikesi monga mumachitira ndi chilichonse chochokera m'tauni? Kuno Mulungu akutisunga. Mdzukulu wanu Sheila chifuwa chinatha, wabwerera kusukulu, ndipo sakutopa kufunsa kuti agogo abwera liti. Bambo ake ali ku Nchalo ndi ntchito mpaka kumapeto a mwezi.

Venansio mchimwene wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera Amayi kalatayi. Werenga yonse mokweza, usadumphe pamene pakukuwawa monga unachitira ndi ija ya feteleza. Amve zonse, ngakhale akwiye.

Kuno kwatentha koopsa. Madzi ku Chilomoni akumatuluka m'mamawa basi, ndiye tikumathamangitsana ndi zidebe ngati tili pamjigo. Minibasi yakweranso mtengo. Koma izi ndi zazing'ono. Kalatayi sindinaiponye ku positi, ndapatsira a Regina amene akubwerera ku Phalombe mawa, chifukwa ikachedwa zinthu ziipa. Nkhani yake ndi ya matumba a simenti aja ali pakhonde panu, amene a Che Abdula anatumiza kuti timangire chiliza cha bambo.

Mukudziwa kuti ine si loya wa kukhoti wovala mkanjo. Ndine loya wa m'kampani. Ntchito yanga ndi kulemba mapangano ndi kuuza mabwana zimene lamulo likuletsa asanagwe m'dzenje. Inu mumandiseka kuti ndimalipidwa chifukwa chonena kuti ayi. Chigulitsireni boma kampani yathu ya malata kwa azungu a ku Ulaya, malamulo amene ndimawerenga si a kuno okha. Zaka ziwiri zapitazo mayiko olemera anagwirizana kuti kampani ya kwawo ikapereka chiphuphu kwa munthu wa boma m'dziko la eni, izikaimbidwa mlandu kwawo komweko. Pangano limenelo layamba kugwira ntchito chaka chino. Eni kampani athu anachita nalo mantha kwambiri moti anapitirira pamene ilo linalekezera. Analamula kuti wantchito aliyense, iye kapena a pabanja pake, asapereke ndiponso asalandire mphatso kwa munthu wochita malonda ndi kampani, kupatula tinthu ngati kalendala ndi bolopeni.

Amene analemba lamulo limenelo kuti ligwirizane ndi kuno ndine, Amayi. Ndinaliikanso m'Chichewa, ndinaliwerenga pamaso pa antchito onse m'kantini, ndipo ndinatuluka mapewa ali m'mwamba. Ndinkaganiza za anthu aja amalandira mbuzi pa Khirisimasi kuti apereke tenda kwa anzawo. Za maliro sizinandibwerere m'mutu.

Malole a a Che Abdula ndi amene amanyamula malata athu kupita ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kontirakiti yawo ikutha mwezi uno, ndipo komiti ikumana kumapeto a mwezi kuti isankhe ngati apitirize kapena alowe ena. Ine ndinali mmodzi wa a m'komitimo.

Sabata yatha kunafika a Hawkins, loya wamkulu wochokera ku likulu ku Ulaya, kudzaona ngati lamulo likutsatidwa. Asanamasule n'komwe chikwama, munthu anali atawanong'oneza kale kuti ine Petronela ndili m'thumba mwa a Che Abdula. Munthuyo ndi a McDonald, mkulu wogula katundu, amene mlamu wawo wagula malole ndipo akufuna ntchito yomweyo. Muwakumbuka. Ndi aatali aja a suti ya khofi amene anakwera nawo lole tsiku la maliro a bambo, n'kumatsogolera nyimbo kuchokera ku Ndirande mpaka pa Migowi, ndipo pasiwa anadya kawiri. Iwowo lero ndi amene akuti lole ija inali chiphuphu. Ndikakumana nawo m'khonde la ofesi amandipatsa moni wa manja awiri, ndipo ine ndimachita kudziluma lilime.

Lachinayi a Hawkins anandiitana. Sindinabise kanthu. Ndinawauza kuti bambo ndi a Che Abdula anakhala moyandikana ku Ndirande ine ndisanabadwe, ndi kuti lole yawo yoyamba ija, yoyenda mochita kukankha, ankaikonza ndi bambo pansi pa mtengo wa mango. Ndinawauza kuti pa Idi tinkadya mpunga kwawo, ndipo pa Khirisimasi bambo ankawapatsa mpeni kuti atizingire nkhuku mwa Chisilamu, n'cholinga choti nawonso adye nafe mbale imodzi. Ndinawauza kuti bambo atamwalira kuchipatala, ife tisanaganize n'komwe za mayendedwe, lole inali itaima kale pakhomo mafuta ali odzaza. Palibe amene anaipempha. Kwathu kuno maliro n'kulirana.

A Hawkins si munthu woipa. Anavula magalasi, anapepesa za bambo, ndipo anati kwawonso munthu akaferedwa anzake amatumiza maluwa. Za lole anati aziiwala, chifukwa zinachitika lamulo lisanabwere. Koma simenti wabwera mwezi watha, lamulo lilipo kale, tenda ili yotsegula, ndipo wolandira ndi mayi ake a loya wa kampani. Anandifunsa ngati ine, nditakhala pampando pawo, ndingakauze mabwana a ku Ulaya kuti matumba a simenti n'chimodzimodzi ndi maluwa. Mafunso oterowo ndi amene ine ndimafunsa anthu ena.

Ndinatuluka m'komiti tsiku lomwelo, koma akuti sizikukwanira. Matumba onse abwezedwe komiti isanakumane, ndipo abwerere osatsegula. Zikapanda kutero, a Che Abdula sadzanyamulanso katundu wa kampani mpaka kalekale, ine ndichotsedwa ntchito, ndipo nkhani ikamveka kwa maloya anzanga sindikudziwa amene adzandilembenso. Sindikunamizani kuti ndikuganizira ena okha. Ntchitoyi ndikuifuna. Inu munapsa manja ndi mafuta a mandasi pamsika wa Ndirande kuti ndifike pamenepa, ndipo ndikuopa kwambiri. Koma palinso madalaivala ndi onyamula katundu amene amadyera malole aja, ambiri a iwo ndinakulira nawo limodzi.

Dzana ndinapita ku Ndirande kukaonana ndi a Che Abdula. Ndinawapeza pagalaja, thabwa la bawo lija ankasewera ndi bambo lili pambali pawo lofundikidwa ndi chiguduli. Anandilandira ngati mwana wawo, ndipo Mayi Shamsa, akazi awo, anabweretsa tiyi ndi zitumbuwa. Nditafotokoza zonse, ndinatulutsa nzeru zanga za kusukulu. Ndinati bwanji ndilipire simentiyo kuti akhale wogula.

Amayi, bola ndikanangokhala chete. Anandifunsa ngati ndinamvapo kuti iwo anatsegula sitolo ya simenti. Anati tsiku lija iwo sananyamule bambo a loya, ananyamula mnzawo Jailosi. Simenti sanatumize kwa kampani, anatumiza kwa mnzawo amene wagona pansi pa mulu wa dothi chaka chathunthu. Anati ngati azunguwo akuona choncho, kontirakiti ipite, chiliza chimangidwe, iwo anayamba ndi lole yokankha ndipo sakuopa kubwerera komweko.

Pamenepo ndinalira, ine munthu wamkulu, pamaso pa amakaniko awo. Ndinawakumbutsa za madalaivala awo ndi ana a madalaivalawo. Ndinawauza kuti akasiya okha kontirakitiyo, anthu adzati zija zinali zoona, a McDonald adzakhala kuti apambana, ndipo dzina la bambo lidzatchulidwa m'nkhani ya ziphuphu, munthu amene moyo wake wonse sanatengepo ngakhale sipanala ya mwini. Kenako kumzikiti anaitanira mapemphero. Poimirira anati amva, atumiza lole Loweruka likubwerali kuti ikatenge matumbawo. Ndinati ndikwera nawo kuti ndikafotokoze ndekha kumudzi. Anakana, anati loya asaoneke pafupi ndi lole yawo angade. Tiyi wawo sanamwe. Anandiperekeza mpaka pageti monga mwa nthawi zonse, koma potsazika ananditchula kuti a loya. Chibadwire changa kwa iwo ndinali Petu.

Mayi Shamsa anandinong'oneza panjira kuti malole enawo ali ku Mzuzu, ndiye imene ibwere ndi yobiriwira ija, yomwe inabweretsa bambo. Anatinso a Che Abdula anena kuti ayendetsa okha. Ndakuuziranitu kuti mtima usadzakudukeni ikamadzakhota pa mtengo wa mkuyu paja.

Venansio, m'kalata yako unati mchenga ndi njerwa zafika kale kumanda ndipo mmisiri ayamba sabata ino kuti ansembe akamadzadalitsa manda pa 2 Novembala chiliza chikhale chitauma. Ukangomaliza kuwerenga pano, thamanga ukamuimitse. Asang'ambe thumba ngakhale limodzi. Ngati wang'amba kale, pita pa positi ya pa Migowi undiimbire ku ofesi tsiku lomwelo. Usayese kukagula thumba lina kuti uphimbe, chifukwa bodza limodzi likhoza kutigwetsa tonse.

Ndikudziwa kuti mufunsa chifukwa chake sindikungogula simenti wina sabata yomweyo. Ndikhoza kugula, ndipo ndidzagula. Koma sindikufuna kuti matumba anga alowe pakhomo mawa lake, ngati kuti tinkangodikira kuti awo achoke. Kumeneko kungakhale kuwamenya mbama kawiri. Bambo agone pansi pa dothi dzinja linanso, tidzamange mvula ikatha. Ndikudziwa kuti pa 2 Novembala manda a anzawo adzakhala oyera ndi laimu, awo okha ali ndi mtanda wa thabwa, ndipo amene mudzaime pamenepo anthu akukuyang'anani ndinu. Zimenezi zikundiwawa kuposa mmene ndingalembere.

Tsopano pempho langa, Amayi, ndi limodzi, ndipo ndi lolemera. Kumudzi ndikukudziwa. Lole ikangonyamuka ndi matumba aja, dzuwa lisanalowe nkhani idzakhala itafika pamjigo ndi pachigayo kuti a Che Abdula alanda chipepeso chawo pamanda. Ena adzawonjezera kuti Achawa ndi otero, Asilamu ndi otero, anthu omwewo amene anakwera lole yawo kwaulere akulira. Munthu amene anafuna kutaya ntchito yake yonse chifukwa cha chiliza cha bambo asatukwanidwe m'mudzi mwa bambo. Choncho musabisale m'nyumba tsiku limenelo. Muime panja, ndipo aliyense wofunsa mumuuze zoona, kuti a Che Abdula anakana kutenganso matumbawo, amene wabweza simenti wa pamanda a bambo ake ndi mwana wanu Petronela, uja munamuphunzitsa mpaka ku Zomba. Mukanenenso kutchalitchi, kwa amayi anzanu a bungwe. Musanditchinjirize. Za mapangano a ku Ulaya musavutike kufotokoza, palibe amene adzazimve, ndipo mwina sakulakwa.

Malume a Mwabi akwiya, ndikudziwa. Adzati sukulu yandichotsa umunthu. Asiyeni anene. Ndibwera Loweruka linalo kudzakhala pamphasa kuti andinene pamaso, ndipo ndidzamva zonse. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Lamulo ndinalilemba ndekha, ndipo ngakhale lero sindinganene kuti ndi loipa, chifukwa ndaona zimene mbuzi za pa Khirisimasi zimachita. Koma sindinadziwe kuti munthu woyamba kumupweteka adzakhala a Che Abdula, amene anandigulira yunifolomu yanga yoyamba.

Mundiperekere moni kwa malume a Mwabi ndi akazi awo, kwa azakhali a Salome, kwa mlamu wanga mayi a Kondie ndi ana onse. Sheila akuti ndiwauze agogo kuti dzino lake lachoka ndipo waliponya padenga. Inu muzipaka mankhwala aja, ndipo musanyamule nawo matumba, anyamata alipo.

A Che Abdula akafika adzafuna kuona pamene mnzawo wagona. Muwaperekeze kumanda inu nomwe. Ndipo tambala wofiira uja mumugwire m'mamawa, koma musamuphe. Pobwera kumanda muwapatse mpeni monga ankachitira bambo. Akaulandira, Venansio andiimbire Lolemba. Akaukana, musandibisire.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene wakuikani pa moto,

Petronela