Kamwana Koimba Nyimbo ya Bapak

Ponorogo,
9 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali anga, Mbak Lastri,

Ndikhulupirira muli bwino ku Taiwan kumeneko pamodzi ndi agogo mukuwasamalirawo. Kuno tilipo, kungoti ine ndatopa. Maso akuwawa ndi ntchito yanga yomweyi yodula mavidiyo a anthu ovina.

Mwandifunsa katatu za nyimbo ija bambo athu anaimba pa foni yanga asanagonekedwe m'chipatala, kuti tidzaiike pa mwambo wa masiku chikwi chimwalirireni. Katatu konse ndakuyankhani za mvula. Lero ndinene.

Chaka chatha mavidiyo anga sankaonedwa ndi munthu. Mnzanga Bagus anati, "Iwe, anthu masiku ano alibe nthawi. Nyimbo ya bambo ako ija ithamangitse, uikemo ng'oma, uona wekha." Ndinatenga mawu a Bapak, bambo athu, ndinawathamangitsa mpaka anamveka ngati a kamwana, n'kuikamo ng'oma. Sabata isanathe, dziko lonse linali kuvina. Kenako foni inadzaza, ndipo ndinafufuta zakale osayang'ana. Nyimbo yeniyeni ija inapita nazo. Mbak, palibenso pena pomwe ili.

Ndayesa kuichepetsa liwiro yothamangayo. Ng'oma sizichoka, ndipo mawu amatuluka ngati a ng'ombe yodwala. Si Bapak amenewo.

Lamlungu kunali ukwati kwa aneba athu, a Pak Darmo, masipika odzaza lole akugwedeza mawindo athu. Ibu, mayi athu, ankasenda anyezi pakhonde. Itayamba nyimbo yothamanga ija ku ukwatiko, anasiya mpeni.

"Teguh, kamwana aka kaitenga kuti nyimbo ya bambo ako?"

"Za pa intaneti izi, Bu."

"Kakupumira pomwe ankapumira iwo. Koma kakuthamangira kuti? Bambo ako ngakhale mvula inkawanyowetsa akuyenda pang'onopang'ono."

Anaseka, kenako anapukuta maso, ati ndi anyezi. Ine ndinalowa m'nyumba. Anthu oposa miliyoni andiyamikira chifukwa cha nyimboyi, koma mayi anga ndalephera kuwayang'ana. Manyazi andigwira, Mbak, ndipo tulo sindikutiona.

Mundilalatire, ndikuyenera. Mukatha, mundiuze: Ibu ndiwauze ndekha, kapena ndidikire mubwere? Kwatsala masiku khumi ndi awiri kuti mwambowo uchitike.

Ibu akupereka moni, ati muzidya mokwanira. Abwereka kale sipika kwa a Pak Darmo, ndipo m'mawa uno andituma kuti ndiiyese, kuti tsikulo Bapak adzamveke mpaka kumsewu.

Ine mlongo wanu,
Teguh